Bulu wa Che Sufiyani

Mahatchi atatu anafika pa esiteti chaka chimene thonje linakana. Anabwera pa lole yotchinga kuchokera kumwera, miyendo yawo itakulungidwa nsalu kuti isakhulike panjira. Mwini esitetiyo anali munthu wamkulu m'chipani, wokhala ku Blantyre, amene dzina lake anthu ankalitchula atacheuka kaye. Ankabwera mwa kamodzikamodzi, kukwera hatchi imodzi mpaka pamlambe wa m'malire, kubwerera, kumwa tiyi, n'kumapita. Masiku ena onse mahatchiwo ntchito yawo inali kudya.

Dzuwa la Okutobala litafika poti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, kunabwera dokotala wa ziweto, a Ambrose, pa Landirova yokhala ndi bokosi la ayezi kumbuyo. Anayang'ana mano a mahatchi, kuwasema ziboda, kuwamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, kenako n'kuwabaya katemera wa nthenda imene imabwera ndi mvula. Nthendayo, anatero iwo, imayenda ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu. Hatchi ikalumidwa imatupa mutu, kutuluka thovu m'mphuno, n'kugwa. Choncho mahatchi apume, asathamangitsidwe mpaka katemera akhazikike. Azilowa m'khola dzuwa lisanalowe, azituluka mame atauma, ndipo pakhomo pa khola pazifuka utsi. Pomaliza anawonjezera kuti abulu amatha kusunga nthendayi m'magazi iwo eni osadwala, ndiye asamayandikire khola.

Mawu amenewa anagwera m'makutu mwa a Elliam. A Elliam anali kapitawo wa pa esiteti komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani: m'mawa ankaliza belu la aganyu, masana ankagulitsa makhadi a chipanicho. Landirova isanafike n'komwe pamsewu waukulu, iwo anali ataitanitsa msonkhano. Analengeza kuti bulu aliyense m'midzi yozungulira esiteti achoke adokotala asanabwerenso kudzabaya jakisoni wachiwiri, ndipo asaonekenso mpaka mvula itatha. Bulu wotsala adzatengedwa ndi ayufi, anyamata a chipani ovala malaya ofiira, mwini wake akafotokoza ku boma chifukwa chimene akudanirana ndi chitukuko. Ndiponso banja lililonse lizibweretsa ndowe youma ya utsi wa mahatchi.

Anthu anawomba m'manja. Nanga akanatani? Masiku amenewo manja ankawomba okha, mwini wake mtima uli kwina.

Abulu anayamba kuchoka. Ena anatumizidwa kwa achibale, ena anagulitsidwa mpaka ku Nsanama pamtengo wochititsa manyazi, poti ogula anali atamva kale kuti ogulitsa alibe pothawira. Amayi anabwerera kukasenza matumba a chimanga pamutu popita kuchigayo, akudutsa pampanda wa esiteti pamene mahatchi anaima pamthunzi, munthu wamkulu ndevu pepeya akuwaingitsira ntchentche.

Bulu mmodzi sanachoke. Anali wa Che Sufiyani, ndipo dzina lake linali Makina.

Che Sufiyani anali telala pa Balaka kale, wosoka mayunifolomu a sukulu ndi mikanjo ya pa Idi. Khate linawadya zala za kumanja ndi za kumapazi mpaka singano inayamba kuwapulumuka. Anagulitsa makina osokera, n'kugula bulu ndi kangolo ka mawilo awiri, bulu uja n'kumutcha dzina la chimene chinamugula. Mwezi ndi mwezi Makina ankawakokera kuchipatala cha ku Utale kukatenga mapilitsi ndi kukatsukitsa mabala a kumapazi. Masisitere anali atawauza kalekale kuti nthendayo inagona, sangapatsirenso munthu. Koma anawauzanso kuti mapaziwo sakumva, ndiye akawayendetsa mtunda kapena kuwasiya osatsuka, phazi limodzi lidzatsala patebulo la dokotala.

Mwana wawo Lukiya ndiye ankayendetsa ngoloyo. Anali mtsikana wa mtima wa pachala, wosadziwa kumeza mawu. Mudzi wonse unkakumbukira tsiku limene anaswa mtsuko wa mayi wina pachitsime, chifukwa mayiyo anakankhira chidebe chake kutali n'kunena kuti asamwere pamodzi ndi mwana wa wakhate. Kuyambira pamenepo liwu limenelo palibe ankalitchula Lukiya ali pafupi, ndipo iye mwini linali lisanatulukepo pakamwa pake.

Atamva za lamulo lija, Che Sufiyani anati Makina apite kwa amalume ake a Lukiya ku Kalembo, mvula ikatha adzabwera. Lukiya anafunsa kuti nanga ku Utale azipita bwanji miyezi yonseyo. Iwo anati Mulungu adziwa. Iye anati Mulungu anadziwa kale, n'chifukwa chake anawapatsa bulu. Bambo ake anamuuza kuti asalimbane ndi anthu ovala malaya ofiira, madzi akadzaza mtsinje munthu umadikira patsidya. Iye anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Anapita kaye kwa a Elliam mwaulemu, anagwada n'kugwada. Anafotokoza za mapazi, za mtunda, za mawu a masisitere. A Elliam anamvetsera akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Ubereke bambo akowo," anatero. "Si anakubereka iwe uli wakhanda? Bweza."

Lukiya anadzuka pogwada paja n'kuwafunsa ngati hatchi ya bwana ili ndi khadi la chipani, popeza ikudya bwino kuposa onse amene anagula. A Elliam anamuitanitsa khadi lake. Analitulutsa pamfundo ya chitenje. A Elliam analiyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kumuponyera pansi, n'kunena kuti khadi lili bwino koma lilime lake ndi limene lidzam'gonetse kundende ya ku Zomba.

Tsiku la jakisoni wachiwiri linali lomwenso la ulendo wa ku Utale. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mawa, kopanda mphepo. Che Sufiyani anavala monga ankavalira nthawi zonse potuluka: mkanjo woyera wa manja aatali, masokosi ochindikala, ndipo manja awo anawalowetsa mkati mwa nsalu, lamanja m'dzanja la mkanjo lakumanzere, lamanzere m'lakumanja, ngati munthu womva chisanu. Zinawatengera zaka kuti anthu aziwaona iwo osati manjawo. Kumzikiti anali atachoka pakhomo pamene ankaswalira okha n'kufika pamzere wa amuna anzawo. Pa Idi yapitayo, Che Swaibu, mkulu wa pamzikitipo, anawagwira chanza anthu onse akuona. Usiku wake Che Sufiyani anafotokoza nkhaniyo kwa Lukiya mobwereza mpaka iye anatopa nayo.

Anaganiza kuti ulendo uwu ndi wotsiriza, mawa bulu apita ku Kalembo. Lukiya sanawatsutse. Koma atafika pamphambano, m'malo molunjika njira ya ku Utale, anakokera Makina kumanzere, kulowera kuchipata cha esiteti.

"Iwe Lukiya, njira si imeneyi."

"Ndikudziwa, Ababa."

Chipata chinali chotsegula chifukwa cha Landirova. Kutsogolo kwa khola kunali mapale a ndowe akufuka, ndowe imene anthu anatola okha kutchire. Hatchi yofiirira inaima pabwalo, tsitsi la pakhosi litapesedwa, anthu awiri ataigwira uku ndi uku. A Ambrose anali atangozula jakisoni pakhosi pake, akupukuta ndi thonje. A Elliam anaima pambali pamodzi ndi ayufi anayi amene anakonzeka kuyendera midzi akachoka adokotala. Ntchito inadzibweretsa yokha.

Lukiya anaimitsa ngolo pakati pa bwalo. Sanayang'ane a Elliam. Analunjika kwa dokotala n'kumufunsa ngati ndi iyeyo amene analamula kuti abulu onse achoke m'midzi.

A Ambrose anali munthu wamfupi wa magalasi, thukuta lili chuchuchu m'khosi. Anayang'ana bulu, anayang'ana nkhalamba ya m'ngolo, kenako anayang'ana malaya ofiira.

"Ine ndinati kutali ndi khola," anatero, mawu ali pansi.

"Kutali ndi kutali, adokotala," anayankha a Elliam. "Kapena tizilombo tanuto timawerenga chikwangwani cha malire? Imodzi mwa izi ikagwa, bwana adzafunsa ine. Inu mudzakhala muli ku Blantyre mukumwa zozizira."

Dokotala anavomereza kuti n'zoona, mphepo imatha kunyamula tizilomboto patali. Anatero akuyang'ana jakisoni wake ngati pali zolembedwapo.

Lukiya anati ngati ndi choncho, amubaye Makina katemera yemweyo. Anali ataona kuti m'kabotolo munatsala mankhwala, ndipo ayezi m'bokosi anali atasanduka madzi. Anafunsa kuti otsalawo apita kuti. A Ambrose anati atayidwa, poti sangafike ku Blantyre ali amoyo. A Elliam anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ayufi ngati anamvapo kuti mankhwala a bwana alowe m'thupi la bulu. Ayufi anaseka nawo. A Elliam anati bola nthaka imwe.

Kenako kuseka kunatha. A Elliam analoza mmodzi wa anyamatawo, Japhet, n'kumuuza kuti amasule buluyo akam'mange kuseri kwa shedi ya thonje, ndipo mtsikanayo akwere Landirova ikamapita, akatsike pa polisi.

Japhet anayandikira mosafuna. Yunifolomu yake yoyamba ya sukulu anasoka ndi Che Sufiyani, ndipo mnyamatayo anapereka moni chamumtima, maso ali pansi. Anatambasula dzanja kuti agwire chingwe.

Pamenepo Lukiya anakwera pa wilo, n'kugwira mikono ya bambo ake, n'kuisolola m'nsalu muja. Iwo anayesa kukana koma analibe chogwirira. Anapinda manja a mkanjo mpaka m'zigongono, kuwapinda molimba, n'kukweza manja a bambo ake m'mwamba kuti bwalo lonse liwaone: zikhatho zopanda zala, khungu lothothoka mawanga, timitu tonyezimira pamene panali zala.

"Gwira, Japhet," anatero, ndipo mawu ake anamveka mpaka kushedi. "Chingwe chimenecho amachigwira ndi manja awa m'mawa uliwonse. Bulu ameneyu amam'sisita ndi manja awa. Ndi wakhate bambo angawa. Wakhate. Gwira, ukadye nalo nsima dzanjalo."

Japhet anabweza dzanja ngati wakhudza mbaula, ngakhale anali asanakhudze kanthu. Anabwerera chafutambuyo akulipukutira pamalaya. A Elliam analamula wachiwiri, wachiwiriyo anayang'ana wachitatu. A Elliam anawatukwana onse, kuwakumbutsa kuti analumbira kutumikira popanda mantha. Wina anayankha kuti a tcheyamani ayambe ndiwo kugwira, iwo atsatira. A tcheyamani sanasunthe.

Lukiya anatsika, n'kugwira Makina pakamwa, n'kuyamba kuyendetsa ngolo pang'onopang'ono kulunjika pa hatchi yofiirira ija. Anati poti afika kale, bambo ake akufuna alonjere alendo a bwana, awasisite pamphuno monga amachitira bwanayo. Anthu awiri ogwira hatchi aja anayang'anana. Wamkuluyo anati nkhalambayo ikangoikhudza, iye ntchito wasiya lero lomwe, a kapitawo azipesa okha. Hatchi inapumira m'mphuno, n'kutambasula khosi kuti inunkhize bulu. Iyo yokha pabwalopo ndi imene inalibe nazo kanthu.

A Elliam anatembenukira kwa dokotala, nkhope itatuwa. Anafunsa ngati nthenda imeneyo imalowa mwa hatchi.

A Ambrose ankadziwa yankho, ndipo Lukiya anaona m'maso mwawo kuti akulidziwa. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Ine za matenda a anthu sindinaphunzire, a tcheyamani," anatero. Kenako anati chimene angachite n'kumubaya buluyo, kuti akhale pansi pa ulamuliro wawo ngati mahatchiwa. Akatero palibe chifukwa choti wina am'gwire, ndipo ngolo ikhoza kutuluka pomwepo isanafike pakhola.

A Elliam anati achite msanga, ndipo bulu ameneyo asadzaonekenso pamsewu wa esiteti. Za Landirova ndi polisi sanazitchulenso. Nanga ndani akanakhala naye mpando umodzi mtsikanayo?

Dokotala anakoka mankhwala otsala aja. Anagwira chingwe ndi dzanja lake, osazengereza, ndipo Lukiya anamuda chifukwa cha chimenecho: munthu wosaopa chingwe koma woopa malaya. Makina anangogwedeza khutu jakisoni atalowa. A Ambrose anati jakisoni winayo adzam'baya akamadzadutsa mwezi wamawa, am'dikire pamphambano. Madzulo buluyo azilowa m'khola lake, utsi uzifuka. Anayesa kupereka moni kwa Che Sufiyani, koma nkhalambayo inali ikuyang'ana mitambo, manja ali pamaondo pamene mwana wawo anawasiya.

"Chinanso," anatero dokotala. "Asakoke kanthu kwa masabata angapo. Katemerayu amafuna nyama yopuma. Mukam'kakamiza, mtima wake ungaime."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pano, chemwali."

Lukiya anaseka, kuseka kopanda mano. Anamasula Makina pomwepo, anthu onse akuonerera, n'kumumanga ndi chingwe kumbuyo kwa ngolo. Anamanga chitenje molimba, n'kulowa pakati pa mitengo iwiri ya kutsogolo, lamba wa bulu n'kumuika pachifuwa pake. Ngolo inakana kaye, kenako inasuntha. Potuluka pachipata anakankha ndi phazi phale limodzi la ndowe, moto n'kumwazikira pansi. Palibe anamuletsa.

Njira ya ku Utale ndi ya mchenga. Mawilo ankatitimira, lamba ankadula paphewa, thukuta linkalowa m'maso. Kumbuyo Makina ankayenda ngati bwana, akuima kubudula kaudzu mpaka chingwe chim'koke. Anakumana ndi amayi awiri osenza matumba a chigayo, mmodzi mwa iwo bulu wake atagulitsidwa ku Nsanama. Mayiyo anayang'ana Makina nthawi yaitali, n'kufunsa kuti uyu watsala bwanji. Lukiya anangopitiriza kukoka. Akanati chiyani, kuti nayenso akapeze bambo wopanda zala? Kenako amayiwo anaona manja aja, n'kupatukira kutchire, njira yonse n'kuisiya.

Anadutsa pamtsinje wouma. Lukiya ankalankhula yekha, akupuma mwa befu. Anati Makina watsala. Anati phazi latsala. Anati anthuwo ndi mbuli, mbuli umaimenya ndi umbuli wake womwe, ndipo palibe chimene wanena chimene iwo sankachinong'ona kale. Anati ngati pali wolakwa ndi a Elliam, ndi bwana wawo, ndi dokotala wamantha uja, ndi mahatchi odya osagwira ntchito. Mawu anali ambiri ndipo onse anali oona, koma kumbuyo kunali zii.

Pansi pa mlambe wina anaima, n'kutula mitengo ya ngolo pachitsa kuti apume.

"Japhet amakhala moyandikana ndi Che Swaibu," anatero bambo ake. "Lisanafike Lachisanu adzakhala atamva zonse. Adzandipatsa moni wa pakamwa, dzanja lili m'thumba. Malo anga aja a pakhomo palibe anawatenga, ndikawapeza."

"Ababa, akanatenga bulu."

"Akanatenga, eya."

"Ndiye ndikanatani?"

"Ukanandifunsa. Manjawa ndi oipa, koma ndi anga." Anayang'ana bulu amene ankadzikanda pa wilo. "Mwina ndikanavomera. Mwina ndikanawatulutsa ndekha, ndikanam'yang'ana Elliam m'maso. Koma iwe unandikweza ngati chiwopsezo cha m'munda wa mapira."

Lukiya anafuna kukalipa, koma wom'kalipira panalibe. Mkwiyo unangozungulira m'chifuwa ngati utsi m'nyumba yotseka. Apo ndi pamene anaona kuti manja a mkanjo anali akadali opindidwa m'zigongono monga anawasiyira. Anawapinda molimba kwambiri, ndipo munthu wopanda zala sakanatha kuwatsitsa yekha. Njira yonseyi bambo ake anayenda chomwecho, kudutsa anthu, osam'pempha.

Anakwera pa wilo n'kutambasula dzanja kuti awatsitse. Che Sufiyani anabweza mikono yawo.

"Asiye. Wawatulutsa kale, awone dzuwa. Koka, masisitere amatseka msanga."

Anatsika. Analowanso pakati pa mitengo ija, lamba n'kugwera pabala lomwe lija la paphewa. Chakum'mawa kunagunda koyamba chaka chimenecho. Makina anakweza makutu, n'kudikira mpaka chingwe chinam'koka.